Mbiri ya Efelo Inkayambira pa Linthipe

Chaka chimene likulu linkasamuka kuchoka ku Zomba, Lilongwe anali ngati munthu wodzutsidwa maloto asanathe. Fumbi lofiira linkangolendewera m'mwamba, osafuna kutsika. Malole ankabwera atasenza matebulo miyendo ili m'mwamba ngati mbuzi zopita kumsika, ndipo pamwamba pa katunduyo pankakhala mlembi wina atafunda tawulo kumutu, akucheuka uku ndi uku kufunafuna phiri longa lomwe analisiya. Phirilo kunalibe. Kunali misewu yotakata yongolowa m'thengo, yopita ku nyumba zomwe zinali zisanamangidwe.

Masiku amenewo ndinali ku Old Town, paja phazi langa silichedwa kuyabwa. M'tiyirumu ina kuseri kwa msika ndi mmene ndinamvera koyamba dzina la Efelo. Akalipentala awiri ankanyozana pa kapu ya tiyi. Mmodzi anali kutsokomola kwambiri, ndiye mnzake anati, "Iwe, kaonane ndi adokotala. Efelo wayamba kale kufunsa dzina lako laubwana." Onse anaseka, koma aliyense anayang'ana kukhomo asanamalize kusekako.

Nkhani yake inali yotere. Mudzi wa Efelo unali pomwe lero pali maofesi ndi kapinga wothiriridwa. Anthu atauzidwa kuti asamuke, anazula zitseko, anakweza nkhokwe pangolo, anagwira nkhuku. Chimene sichikanakwera pangolo chinali manda, m'kamsitu ka mikuyu kumunsi kwa mudzi, ndipo msewu unayenera kudutsa pomwepo. Adzukulu, amene ntchito yawo ndi yokumba manda, anakana. Anati, "Ife tinaphunzira kuika. Kuchotsa sitinaphunzire." Katapila anafika naima m'mphepete mwa kamsituko, akufuka utsi, kudikira.

M'kamsitumo munagona Ursula, mkazi wa Efelo. Ndiye tsiku lina kutacha Efelo anatenga khasu ndi fosholo, nalowa yekha. Anagwada kumutu kwa manda a mkazi wake, nayamba waitana. Sanaitane dzina la m'tchalitchi ayi. Anaitana lomwe amake ankamuitana akukwawa.

"Ndaziona, dzuka. Tikusamuka."

Ankanena kuti munthu ali m'tulo totero sangamve dzina la ukulu, amamva lokhalo limene linamulowa m'khutu akuyamwa. Anthu ena ataona kuti Efelo watuluka wamoyo, anayamba kubwera mmodzimmodzi. "A Efelo, mayi athu ali patsinde pa mkuyu waukulu uja." Ankamunong'oneza dzina laubwana la wakufayo, kenako n'kukaima patali. Efelo ankaitana, ankakumba, ankaika mafupa m'timabokosi. Lole ikanyamuka kupita kumanda atsopano, iye ankakhala kumbuyo pakati pa timabokosito, n'kumawauza njira. "Tikutsetsereka tsopano. Uyu ndi Lingadzi, musaope, pali mlatho."

Koma inu mukudziwa amene amaitana akufa ndi dzina laubwana. Tonse tinakula tikumva kuti mfiti ndiyo imatero, kuti mtembo utuluke wokha. Dalaivala wa lole ija anakaifotokoza nkhaniyo pamowa ku Kawale, ndipo inatuluka pamowapo itamera miyendo. Mmene manda otsiriza ankachotsedwa, kunali kutamveka kuti mafupa amamuyankha, kuti timabokosi timafika tochepa kuposa mmene tinanyamukira, kuti lole ikaima fisi amatsikamo. Omwe aja anamunong'oneza maina a amayi awo anayamba kupatuka akamuona panjira. Wogulitsa matemba ankamuikira pansi, kuopa kukhudzana naye dzanja.

Ntchito ya manda itatha, anapeza ina yosafuna mnzake: kuthirira timitengo tomwe ankadzala m'mbali mwa misewu yatsopano, kuyambira ku City Centre mpaka ku Area 11. Ankayenda yekha ndi zitini ziwiri pamtengo wopingasa pamapewa, ndipo masana dzuwa likaswa mtengo, munthu womuonera patali ankaona ngati akuyenda pamwamba pa madzi.

Efelo anali ndi mwana mmodzi, Consolata, amene ankatayipa mu ofesi ina ku Capital Hill. Kumeneko ankadziwika ndi dzina la atsibweni ake a Jobu, mlongo wa malemu amake, wokonza njinga ku Mchesi, amene anamulera pa nthawi ya sukulu. Mu ofesi momwemo munali mnyamata wa ku Rumphi, Orton Chavula, mmodzi wa aja anabwera pamwamba pa matebulo. Anakondana. Consolata sanamubisire za bambo ake. Orton anangoseka, nati, "Kwathu sitinamvepo zimenezo." Koma makolo ake sanawauze.

Tsiku lofunsira mbeta, a Mackford Chavula, bambo a Orton, anabwera okha ndi akazi awo a Tabitha ndi mnyamatayo, poti abale onse anali kutali kumpoto. A Mackford anali wamkulu ndithu m'boma, ndipo Pijo yawo itaima pakhomo pa a Jobu, Mchesi yense anatulukira pazenera. A Jobu anali atachotsa matayala ndi matcheni m'chipinda chochezera, atavala jekete. Mtima wawo unali m'malo. Kwa Achewa nkhani ya ukwati ndi ya atsibweni. Dzina la Efelo silikanafunika n'komwe kutchulidwa.

Analonjerana, anacheza za fumbi, za mvula ya ku Zomba. Zonse zinkayenda bwino mpaka a Mackford anati, "Tamva, ndipo takondwa. Tsopano tikanakonda kuona bambo wa mwana."

"Mwinimbumba ndine," anatero a Jobu, akudzigunda pachifuwa. "Bambo kwathu kuno ndi tambala, bwana. Akalira m'mawa ntchito yake yatha. Anapiye ndi a thadzi."

"Kwathu tambala ndiye mwini khola. Nanga ng'ombe tikazitula kwa yani?"

"Ng'ombe? Tiziika pati m'Mchesi muno? Zingadye matayala angawa."

A Mackford sanaseke. "Adzukulu anga adzatenga magazi a munthu amene sindinamuonepo? Ku Rumphi akandifunsa ndikati chiyani? Kodi anamwalira?"

A Jobu anatsokomola, nayang'ana kudenga. "Kumwalira kwenikweni, ayi."

Consolata anali atagwada pakhomo ndi beseni la madzi osamba m'manja. Iye ndiye anayankha.

"Ali moyo. Ndi a Efelo."

"Efelo wake uti?" anafunsa a Mackford. "Wa manda uja?" Anatembenukira kwa mwana wawo. "Orton, unkadziwa? Munthu uja ndi notoriyasi. Ngakhale mamesenjala ku ofesi amaopsezana ndi dzina lake."

"Chimenecho ndiye chiyani, bwana?" anafunsa a Jobu.

"Akuti bambo ndi otchuka, atsibweni," anatero Consolata, maso ali pabeseni. "Koma kutchuka kwa fisi, osati kwa woimba."

Patapita zaka ndinafunsa mphunzitsi wina wopuma ku Mponela za liwu limeneli. Anandiuza kuti Azungu ali ndi liwu la munthu amene mbiri yake imanunkhira, ndi lina la amene mbiri yake imanunkha, ndipo lachiwirili sulinena pamaso pa m'bale wa munthuyo pokhapokha ngati wakonzeka kudana naye. Ife mbiri tili nayo imodzi, timachita kuinunkhiza tokha.

A Mackford anaimirira osasamba m'manja. "Ndine mkulu wa mpingo," anatero. "Ndangofika kumene m'tauni muno, dzina langa silinamere n'komwe. Sindingalidzale pamodzi ndi limenelo. Pepani, a Jobu, nkhaniyi yathera pano."

A Tabitha anatsalira m'mbuyo. Podutsa pakhomo anaima pafupi ndi Consolata, nafunsa motsitsa mawu, "Amawaitanadi?" Hutala ya Pijo inalira panja.

Orton ankafuna kuti angokwatirana kwa DC popanda makolo. Consolata anakana. Anati ukwati wopanda ankhoswe ndi nyumba yopanda chitseko, ndipo iye sakalowa m'banja la eni kudzera pazenera. Mmawa mwake, pa nthawi ya nkhomaliro, anatsika ku Capital Hill wapansi kukafuna bambo ake. Anawapeza akuthirira kamtengo ka mbawa kosafika ndi m'chiuno momwe.

"Bambo."

"Ima uko, Namayi. Anthu a m'magalimoto angakuone."

"Andione."

"Zatheka?"

"Akufuna inu."

"Ine? Wamwalira ndani?"

"Musaseke, bambo. Kwawo mwana ndi wa bambo. Ndawauza dzina lanu, ndiye akana."

Efelo anatsanula madzi otsala pang'onopang'ono, akuyang'ana mmene dothi linkawamwera. "Ukanawauza kuti ndinafa. Jobu amatha kunama, anaphunzirira pa njinga za anthu."

"Akanafuna kuona manda?"

"Ndikanakumba, paja ndi ntchito yanga. N'kugonamo mpaka alendo atachoka."

Consolata anaseka, koma kusekako kunathera m'misozi. Efelo anadikira mpaka atapukuta maso, ndipo anati mvula ikayamba mitengo sidzamufunanso. Ku maesiteti a fodya ku Kasungu amalemba anthu osafunsa za kumbuyo. "Mbiri ili ngati galu," anatero. "Ikasowa mwini wake imauwa pang'ono, kenako imagona. Ndikachoka, bwanayo adzafewa."

"Mukachoka, ukwatiwo ndaukana ndekha. Amayi munawanyamula osawasiya. Ine ndikusiyeni chifukwa cha Pijo?"

"Ndiye ukalamba ukutayipa."

"Ndikalamba."

Anasiyana choncho. Kumwamba mitambo inali itayamba kuunjikana masana n'kubalalikanso madzulo, chizindikiro choti mvula siili kutali.

Tsono ku Area 11, m'nyumba yonunkha penti, a Tabitha ankakhala okha usana wonse. Zipinda zinali zambiri kuposa katundu. Munthu akatsokomola kukhitchini, chifuwacho chinkakamveka kuchipinda chogona ngati cha munthu wina. Dzuwa likafika pamutu ankakhala pakhonde ndi zoluka zawo, ndipo tulo tinkawaba ali chikhalire. Ndiye pankabwera nkhungu. Inkalowera pageti, yoyera, yozizira, yonunkhira mkungudza, nkhungu ya ku Zomba yeniyeni, ikuyenda pamwamba pa dothi lofiira. M'kati mwake munkayenda kamtsikana ka mapazi onyowa, kakusuzumira m'mazenera a nyumba za eni.

Kanali Dinah, mlongo wake wa Orton, amene anamwalira ndi chikuku asanayambe sukulu, naikidwa ku Zomba m'munsi mwa phiri. Tsiku losamuka lole inabwera msanga. A Tabitha anali atavala kale nsapato kuti akatsanzike kumanda, koma a Mackford anati, "Tidzabwera pa Khirisimasi, NyaHarawa, dalaivala sangadikire." Khirisimasi inadutsa.

Munthu wa zitini uja a Tabitha ankamuona masiku onse akudutsa kunja kwa mpanda, milomo ikugwedera ngati akucheza ndi mitengo. Atabwerako ku Mchesi kuja anadziwa kuti ndi ndani. Anapirira masiku angapo. Kenako masana ena, atadzidzimuka pakhonde mapazi awo omwe akuzizira, anatenga ambulera natuluka pageti.

"Monire, adada."

"Zikomo, mayi. Mwasochera?"

"Ndine mayi wake wa Orton."

Efelo anatula zitini pansi. "Ndiye mwabwera kudzaona nyanga. Pepani, ndaziiwala kunyumba."

"Amayankha?"

"Ndani?"

"Amene mumawaitana aja."

Efelo anawayang'ana kwa nthawi, kuti aone ngati akumuseka. "Sayankha, mayi. M'kamsitu muja zoyankha zinali njiwa zokha."

"Nanga munkawaitaniranji?"

"Inuyo mungakonde kudzuka muli pamalo ena, popanda wokuuzani kuti mwafika bwanji?"

A Tabitha anatsitsa ambulera, ndipo pomwepo, m'mbali mwa msewu wopanda mthunzi, anafotokoza za Dinah, za nsapato, za nkhungu. Pomaliza anati, "Mukanditengere mwana wanga."

"Pali msewu ukubwera pamene wagonapo?"

"Ayi."

"Ndiye khasu langa silipita. Aja ndinawadzutsa chifukwa chitsulo chinali pakhomo. Wanuyo wagona bwino, pamthunzi. Komanso anthu adzati Efelo wagula mkamwini ndi mafupa. Zimene akundinenerazi zandikwana, sindikufuna zoonjezera."

"Ndiye nditani? Akubwera masana alionse. Akusuzumira m'nyumba za eni, sakudziwa kuti yathu ndi iti."

Kamvuluvulu kakang'ono kanadzuka kutsidya kwa msewu, kanavina ndi mapepala a simenti, kanagonanso. Efelo anakanda kumutu.

"Manda ena akalekale ndinkapeza mulibe kanthu," anatero. "Chiswe chinamaliza. Ndinkangotapa dothi la kumutu, n'kuitana chimodzimodzi. Pamapewa ankalemera mofanana ndi anzawo. Koma woitana mukhale inu. Mawu anga sawadziwa. Ndipo mtsinje uliwonse muzimuuza, chifukwa pamadzi ndi pomwe munthu amatsalira."

"Mitsinje ya njira imeneyi sindiidziwa. Tinabwera nditatseka maso. Ndiperekezeni."

"Mayi, mukakhala nane mpando umodzi padepoti, mawa dzina lanu lili m'tiyirumu."

"Ndamva kuti dzina lanu limafika patali," anatero a Tabitha. "Mwina langa likakwera pamenepo lifika ku Zomba, mwana amve kuti ndikubwera."

Kwa amuna awo anangonena kuti akupita kukaona manda. A Mackford anavomera, akuganiza kuti apita ndi amayi a kumpingo.

Zonsezi ine ndinali ndisanazidziwe pamene ndinakwera basi ya m'mawa ku Zomba, ndikuchokera ku Jali kumene ndinakakhalako milungu ingapo. Ndinapeza malo pampando wa anthu atatu. Kuzenera kunali mayi wovala bwino, atafukata chitini cha koko chokulungidwa m'duku. Pakati panali bambo wina wowonda, wa zikhatho zong'ambika. Basi inadzaza mpaka pakhomo. Mtsikana wina amene anaimirira ndi mwana kumsana ndiponso dengu kumutu anamasula mwanayo namuika pamiyendo pa bamboyo, osapempha n'komwe, monga timachitira. Mwanayo anagwira chala cha bamboyo nagona. Ine ndinatulutsa nthochi, tinagawana.

Phiri linali litafunda nkhungu mpaka m'mapazi. Basi inayenda m'munsi mwake ngati ikuopa kulidzutsa. Titayandikira kamlatho kena, bamboyo anakhudza chigongono cha mayiyo, nati, "Domasi." Mayiyo anaweramira pachitini.

"Towera, uyu ndi Domasi. Tikupita kunyumba yatsopano."

Ndinayesa ngati sindinamve. Pa Liwonde kunatentha, madzi anali phee, akunyezimira mpaka maso kuwawa.

"Towera, uyu ndi Shire. Ndi wamkulu, koma usaope, ndakugwira."

Apa ndiye pakamwa panga panandilaka. Ndinafunsa. Mayiyo anayang'ana bamboyo, bamboyo anati, "Auzeni, ulendo ngwautali." Anandiuza mosinthana, kuchokera pa Balaka mpaka kupitirira Ntcheu, wina akatopa mnzake n'kutola pomwe wasiyira. Towera linali dzina la kunyumba la Dinah, lomwe amake ankamuitana pomusambitsa. M'chitinimo munali dothi la kumutu kwa manda ake. Dzina la bamboyo linabwera mochedwa, tili m'mapiri a Dedza. Nthochi ija n'kuti itatsika kalekale, ndipo sinandichite kanthu.

"Ku Zomba ndagona bwino," anatero Efelo. "Wogulitsa mandasi anandipatsa m'manja. Ndinatsala pang'ono kumufunsa ngati ali bwinobwino."

Chodabwitsa ndinachiona pa Linthipe. Pamenepo panakwera amayi a geni opita kumsika wa ku Lilongwe ndi matumba a nyemba ndi kabichi. Mmodzi anaponya maso kumpando wathu, naima chilili. Ananong'oneza mnzake. Ndinaona nong'onong'oyo akuyenda m'basi ngati mphepo m'munda wa mapira, mutu uwu kuwerama, uwo kutembenuka, mpaka anafika kwa mtsikana wa dengu uja. Iye anakuwa kuti "Mayo!", natsomphola mwana wake pamiyendo pa Efelo, nayamba kumupukuta kumutu ndi chitenje. Mwanayo analira, akutambasulira dzanja chala chija.

Anthu anapanikizana kutsogolo ndi kumbuyo. Basi inali yodzaza, koma kuzungulira mpando wathu kunatseguka bwalo loti n'kuvinamo chimtali. Efelo anayang'ana miyendo yake yopanda kanthu.

"Tafika kwathu," anatero.

Anafuna kuimirira kuti akakhale pamasitepe a pakhomo, koma a Tabitha anamugwira malaya. "Khalani pansi, adada. Mtsinje ukubwerawu ndi uti?"

"Diamphwe."

Kuyambira ku Zomba a Tabitha ankanong'ona. Apa ananena mokweza, basi yonse inamva.

"Towera, uyu ndi Diamphwe! Anthu awa usawaope, ndi a kwathu kwatsopano."

Wina kumbuyo anati, "Si akazi a bwana Chavula amenewo?" Pa Nathenje a Tabitha anaitananso, mokweza, mawu atayamba kusasa.

Tinalowa m'Lilongwe dzuwa litapendeka, fumbi litasanduka lagolide. Padepoti, pakati pa ngolo ndi ogulitsa nzimbe, panaima Pijo, ndipo pambali pake a Mackford, atavala tayi, manja kumbuyo. Mesenjala wina anali atawaona awiriwo akukwera basi dzana lake, ndipo nkhani inafika ku Capital Hill basiyo isanafike pa Dedza. Kumbuyo kwa galimotoyo kunaima Orton ndi Consolata, motalikirana ngati osadziwana.

Anthu otsika m'basi sanabalalike. Anaima mozungulira, matumba ali kumutu.

"NyaHarawa," anatero a Mackford, "tauni yonse ikukamba za iwe."

"Ndamva. Akuti ndine chiyani, muja munanenera ku Mchesi?"

"Ife ndife Akhristu."

"Eya. Landirani mwana wanu. Manja anga atopa, ndamufukata kuchokera ku Zomba."

Anawatambasulira chitini chija. A Mackford anachiyang'ana. Anayang'ananso anthu, amayi a nyemba, kondakitala, ine. Ndinaganiza kuti abweza manja kumbuyo. Koma duku lija linali litamasuka pang'ono, ndipo pachivundikiro panali patamatirira tsamba la mkungudza. Analichotsa ndi zala ziwiri, nalinunkhiza. Kenako analandira chitinicho ndi manja onse awiri, ngati mmene munthu amalandirira khanda.

"N'cholemera," anatero, kwa iwo okha.

Efelo anali atayamba kale kubwerera m'mbuyo, kulowera kumene anthu ankamupatukira. "Mayi, ine ndathera pano. Yatsala iwiri: Lilongwe pamlatho apa, ndi Lingadzi. Musaiwale Lingadzi, ngwamng'ono koma ngwachinyengo."

"Mawu andithera," anatero a Tabitha, ndipo zinali zoona, ankangotulutsa mpweya. "Komanso kunoko sindidziwa kuti Lingadzi ndi uti, ngalande ndi iti."

A Mackford anaima ndi chitini pachifuwa kwa nthawi yaitali ndithu. Wogulitsa nzimbe anasiya kusenda. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Orton, ukungoyang'ana chiyani? Atsegulire chitseko asewele anga. Cha kutsogolo."

Asewele: ndi mmene amaitanirana makolo amene ana awo akwatirana. Consolata anagwira pakamwa. Efelo anayang'ana kumbuyo kwake, kuona ngati pali munthu wina amene akunenedwa.

"Ine, bwana? Mipando yanu ida."

"Lowani, dzuwa likupita. Mwana wachedwa kale."

Ndinawatsatira wapansi mpaka pomwe mlatho umaonekera. Pijo itafika pakati pa mlatho inayenda pang'onopang'ono mpaka kutsala pang'ono kuima. Apanjinga kumbuyo kwake analiza mabelu, lole ya mchenga inaimba hutala, koma iyo sinafulumire. Pansi pake mtsinje unkanyamula kuwala kofiira kupita nako kummawa.

Ukwati unachitika mvula itagwa kale, ndipo Efelo ku Kasungu sanapite. Musaganize kuti mbiri inafa. Paphwando mbale zoyandikana ndi yake zinabwerera zosakhudzidwa, ndipo m'tiyirumu muja munayamba kumveka kuti mkazi wa Chavula akuphunzira ntchito. A Mackford anaitanidwa ndi akuluakulu anzawo a mpingo kuti akafotokoze, ndipo akuti anatulukamo thukuta lili kamukamu. Dzanja la Efelo anadzaligwira patapita nthawi, mdzukulu woyamba atabadwa.

Consolata ndinakumana naye chaka china pamsika, akusankha tomato, mwana kumsana. Ndinamukumbutsa za tsiku lija, ndipo ndinamufunsa kuti pamlatho paja anayankhula ndani, popeza apongozi ake aakazi mawu anali atawathera.

"Bambo anangoti, 'Lilongwe uyu, bwana,' basi," anatero. "Tinadikira. Ine ndinkangomva mabelu a njinga. Kenako apongozi aamuna anachotsa phazi pamafuta, n'kuweramira pachitini chomwe chinali pamiyendo pawo. Anayamba ndi 'Dinah', n'kuima. Ndiye anati, 'Towera, ndine adada. Tikuwoloka.'"